Mafunso pa Chichewa: Kufufuza limodzi za kusintha kwa chilengedwe

Funso: Ndikulemba nkhani ya kafukufuku wa kusintha kwa chilengedwe padziko lonse. Akumuchita ndi asayansi a zanyengo, a zamadzi, a zachuma komanso a za kakhalidwe ka anthu. Kodi ndingoti "kafukufuku wa akatswiri osiyanasiyana"?

Yankho: Mawuwo si olakwika, koma akuperewera. Akatswiri osiyanasiyana akhoza kusiyana mayiko kapena misinkhu pomwe onse anaphunzira chinthu chimodzi. Lembani kuti "akatswiri a maphunziro osiyanasiyana".

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa mneni. Ngati aliyense analemba mutu wake ali kwayekha, mituyo n'kuikidwa m'buku limodzi, nenani kuti "anasonkhanitsa zimene aliyense anapeza". Mawu oti "anafufuza limodzi" asungireni anthu amene anakhalirana pansi kuyambira pachiyambi n'kugwirizana funso loti aliyankhe, mpaka wa zachuma kufufuta masamu ake chifukwa wa zamadzi wamuonetsa kuti mtsinje umene akuudalira m'mawerengedwe akewo ukuphwa. Kachigawo ka -ana kamakuthandizani apa: anafunsana, anatsutsana, anawongolerana. Ngati simungalembe aneni amenewa popanda kunama, ntchitoyo sinali yochitira limodzi, ngakhale mayina khumi atandandalikidwa pachikuto.

Chenjeraninso ndi bungwe la IPCC, loona za kusintha kwa nyengo padziko lonse, limene linakhazikitsidwa mu 1988 ndi mabungwe awiri a United Nations, WMO (loona za nyengo) ndi UNEP (loona za chilengedwe). Ambiri amalemba kuti "IPCC yafufuza". Ayi, bungweli silichita kafukufuku wakewake. Magulu ake atatu amaunika zimene ena anafalitsa kale: loyamba limaona sayansi ya nyengo, lachiwiri mavuto obwera ndi kusinthako komanso njira zokhalira nawo, lachitatu njira zochepetsera mpweya wotenthetsa dziko. Mneni wake ndi "kuunika".

Funso: "Kusintha kwa nyengo" ndi "kusinthasintha kwa nyengo" n'chimodzimodzi?

Yankho: M'macheza palibe angakudzudzuleni, koma m'lipoti la anthu a maphunziro osiyana, zisiyanitseni. Kubwereza tsinde kumaonetsa chinthu chopita n'kubweranso, monga El Niño (kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula) amene amabwera pakapita zaka 2 mpaka 7. Kumeneko ndiye kusinthasintha. Kusintha ndi kolowera mbali imodzi, ndipo a zanyengo amakuona poyerekeza nthawi zotalika zaka 30. Mwachitsanzo, mpweya wa carbon dioxide, wotenthetsa dziko, unali pafupifupi magawo 280 pa miliyoni mumlengalenga mafakitale asanachuluke, lero wadutsa 420, ndipo sukubwerera. Wa zaumoyo akalemba "kusinthasintha" pamene wa zanyengo walemba "kusintha", wowerenga ayesa kuti akukamba nkhani ziwiri. Gwirizanani tanthauzo musanayambe kulemba.

Funso: Timati "kafukufuku wapeza" kapena "kafukufuku kapeza"?

Yankho: Wapeza. Ka- woyambirirayo asakusocheretseni, si wochepetsa ngati wa "kamtsinje". Dzinali limayenda ngati "katundu": kafukufuku wathu, kafukufuku watsopano, kafukufukuyu.