Funsani Amisiri: Dikoda ya Kasitima Ikapsa

FUNSO: Ndili ndi kasitima kachidole ka saizi ya HO koyenda pa njanji ya DCC, njira yotumizira sitima malamulo a digito kudzera m'njanji. Nditaikamo dikoda, kabolodi kolandira malamulowo, kanayenda bwino masiku awiri, kenako kanatulutsa fungo la chinthu chopsa. Nyali zikuyakabe ndi kuzima ndikazilamula, koma mota sikuzungulira. Dikoda ina njoitanitsa kunja. Kodi iyi ingakonzeke? Wowerenga wa ku Luchenza, Thyolo.

YANKHO: Ingakonzeke bambo, ndipo nyali zimene zikumverazo ndi zimene zikutilimbitsa mtima. Magetsi a panjanji, omwe pa HO amakhala pakati pa 14 ndi 16 V, akalowa m'dikoda amayamba adutsa m'ma diode anayi owawongola, kenako regulator imawatsitsa kuti adyetse chip yomwe imamva malamulo. Nyali zikamamvera ndiye kuti zonsezi zili moyo. Chimene chafa ndi H-bridge, ma transistor anayi a mtundu wa MOSFET opatsa mota mphamvu, omwe nthawi zambiri amakhala m'tizipangizo tiwiri takuda ta miyendo 6 kapena 8.

Musanatenthetse soldering iron, werengani CV19 (ma CV ndi manambala osungidwa m'dikoda olamula kagwiridwe kake, ndipo CV19 imasunga adiresi yoyendetsera masitima angapo pamodzi). Ikakhala kuti si 0, sitima imamvera liwiro pa adiresi ina pomwe nyali zikumvera pa adiresi yake, ndipo munthu angaganize kuti dikoda yapsa. Koma popeza munamva fungo, tikukayika kuti vuto ndi limeneli.

Tsono apa ndi pamene ambiri amataya ndalama kawiri: amasintha chopsacho osafufuza chimene chinachipsereza. Kawirikawiri MOSFET sipsa yokha. Chotsani dikoda m'sitimamo, ikani multimeter poyeza ma ohm, waya wina pa mwendo wa mota, wina pa magudumu a kumanja, kenako a kumanzere, kenako pa chitsulo cha chassis. Chitani chimodzimodzi ndi mwendo wachiwiri. Paliponse mita isalire. Masitima ambiri akale, a DCC isanabwere, mwendo umodzi wa mota unkagunda chassis mwadala kuti utengepo magetsi. Mukausiya choncho, waya wa dikoda wopita ku mota (wa olenji kapena wotuwa) umakumana ndi wochokera ku njanji (wofiira kapena wakuda), magetsi a panjanji n'kulowera kotulukira, MOSFET n'kupsa nthawi yomweyo. Masiku awiri anuwo akusonyeza kuti sizinkagundana nthawi zonse: mwina kawaya kanakhuzika, kapena kanapanidwa potseka bodi. Tchingani ndi tepi ya Kapton, chifukwa tepi wamba yakuda imamatuka ikamva kutentha.

Yezaninso mota payokha. Ipatseni 12 V ya DC kudzera m'mita yoyeza ma ampere, muigwire kuti isazungulire kwa sekondi imodzi yokha, muwerenge. Madikoda ambiri a HO amapirira pafupifupi 1 A. Mota ikamakoka kuposa zimene zalembedwa pa pepala la dikoda yanu, yatsopano idzapsanso. Mafuta owuma m'magiya ndi mwaye wa mabulashi wodzadza m'mipata ya commutator zimawonjezera kukokako.

Pa dikodapo, ikani mita poyeza diode. Yezani waya wa olenji ndi wa buluu (plus ya dikoda), kenako wa olenji ndi minus ya capacitor yaikulu, mubwereze ndi waya wotuwa. MOSFET yabwino imaonetsa pakati pa 0.4 ndi 0.7 V mbali imodzi. Ikaonetsa 0 mbali zonse ziwiri, yafa. Werengani nambala yake ndi galasi lokulitsa ndipo mufune yofanana ndendende, poti miyendo ya tizipangizoti siyalidwa mofanana ngakhale tikuoneka ngati amapasa. Ife timalangiza kusintha tonse tiwiri, chifukwa kotsalako nakonso kanamva moto.

Soldering iron ya 60 W yokonzera wailesi isayandikire pamenepo. Pafunika ya nsonga yopyapyala pa 300 mpaka 320 °C, mtovu wa 63/37 womwe umasungunuka pa 183 °C, wonenepa 0.5 mm, ndi flux. Pamwendo uliwonse musapitirire masekondi atatu. Ngati mulibe makina a mpweya wotentha, pitani nayo kwa okonza mafoni, ntchito yotere ndi ya tsiku ndi tsiku kwa iwo. Muwakumbutse kuti kuseri kwa bolodi kulinso tizipangizo timene tingayoyoke.

Mukamaliza, yesani pa njanji yopangira pulogalamu, yomwe magetsi ake ndi ochepa. Dikoda imayankha pokoka 60 mA kwa ma millisecond 6 kudzera mu mota, choncho ikawerengeka CV1 (adiresi ya sitima) mota n'kugwedezeka pang'ono, H-bridge yadzuka. Ikapanda kuyankha ma MOSFET ali atsopano, moto unafika pa chip, ndipo pulogalamu ya m'katimo simungaikopere kwina. Musaitaye: ingagwirebe ntchito yoyatsa nyali m'ngolo.

FUNSO: Ndikangoika injini panjanji, command station, makina olamulira njanji, imadula magetsi n'kusonyeza shoti. Ndikachotsa dikoda shotiyo imatha. Wowerenga wa ku Chitakale, Mulanje.

YANKHO: Yambani ndi ma diode anayi a pafupi ndi waya wofiira ndi wakuda. Ambiri ndi a Schottky, ndipo wabwino amaonetsa 0.2 mpaka 0.4 V. Woonetsa 0 mbali zonse ndiye wopalamula. Ngati malo alipo, SS14, ya 1 A ndi 40 V, imakwanira, ndipo imapezeka pa mabolodi a machaja ena akale a foni. 1N4007 ya muwailesi ayi: DCC imatembenuza magetsi pa ma microsecond 58 aliwonse potumiza 1, ndipo diode yochedwa imangotentha.

Ma diode akakhala bwino, chotsani capacitor ya tantalum muyezenso, chifukwa imeneyi ikafa imafa ndi shoti. Yolowa m'malo isachepere 25 V. Samalani: mzere wa pa tantalum ukusonyeza plus, pomwe wa pa capacitor yobulungira ukusonyeza minus.

FUNSO: Chiperoni chikatha sitima yanga imayenda modukiza, ndipo nyali yakutsogolo sizimanso. Wowerenga wa ku Mulanje Boma.

YANKHO: Awa ndi mavuto awiri. Kudukizako ndi chinyezi chathu cha kuno kuphiri, chimene chimadetsa njanji, magudumu ndi mapini a soketi. Pukutani ndi isopropyl alcohol, osati sandipepala, ndipo sitima muziisunga m'bokosi lotseka muli tipaketi ta silica gel.

Nyali yosazima ndi transistor ya waya woyera (wa nyali yakutsogolo) imene yapsa. Njira za nyali zambiri zimapirira 100 mA basi, ndipo waya woyera kungogundana ndi wa buluu kumakwanira kuipha. Sinthani transistor, kapena samutsirani nyaliyo pa waya wobiriwira muziiyatsa ndi batani la F1. Ngati ndi LED, ikani resistor ya 1 kΩ pakati.