Quad bike si njinga ya kabaza: kwa ofuna kukwera koyamba ndi ana

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kuti patchuthi cha mu Ogasiti mupite kukakwera ma quad bike, njinga zamoto za matayala anayi zija, pa ulendo wa m'tchire wokhala ndi wotsogolera. Mwati muli anayi: inuyo, bambo akunyumba omwe amayendetsa kale njinga yamoto, mnyamata wa zaka 14 ndi mtsikana wa zaka 9, ndipo mukuganiza zobwereka ziwiri kuti wamkulu aliyense akweze mwana kumbuyo. Pitani ndithu, ulendowu ndi wokoma, koma zokweza ana kumbuyozo zisiyeni.

Ma quad ambiri obwereketsa ndi a munthu mmodzi. Mpando wake umaoneka wautali ngati wa kabaza, koma anautalikitsa kuti woyendetsa azisendera kutsogolo pokwera chitunda, ndi kumbuyo potsika. Mukaikapo mwana ndiye kuti mwatseka posenderapo, komanso mwalemeretsa kumbuyo, moti pa chikweza matayala akutsogolo amanyamuka. Alipo ena opangidwira anthu awiri. Amenewo amakhala ataliatali, ali ndi mpando wachiwiri wokhala ndi poyedzamira, zogwirira zake ndi zopondera zake, ndipo mwana amakwera pokhapokha mapazi ake akufika bwino pa zoponderazo. Pa quad ya akulu pamakhala pomatidwa chenjezo loti wosakwana zaka 16 asayendetse. Muyeso womwe unkatsatidwa kale ku America unali woti ana a zaka 6 mpaka 11 ayendetse ya injini yosafika 70cc, a zaka 12 mpaka 15 yosapitirira 90cc. Choncho mnyamatayo afunika kakang'ono kakekake, makamaka kokhala ndi sikuluwu yochepetsera moto yomwe wotsogolera amamanga kuti kasathamange. Mtsikanayo azungulire pabwalo losalala ndi kakang'ono akulu akumuyang'ana, kapena akwere kagalimoto kam'tchire kokhala ndi malamba ndi zitsulo zotchinga pamwamba, wotsogolera ali pa chiwongolero. Obwereketsa akakuuzani kuti musadandaule, mwana angokugwirani m'chiuno, bwezani ndalama m'thumba.

Tsono za bambowo. Musadabwe, oyendetsa njinga yamoto ndi amene amavutika kwambiri tsiku loyamba, chifukwa thupi linazolowera zina. Njinga yamoto ikafuna kugwa umatsitsa phazi pansi. Pa quad ukatero, tayala lakumbuyo limakwera pa mwendo wako, ndipo makina ake si opepuka: yaing'ono ya 250cc imalemera pafupifupi makilogalamu 200, ya 400cc kapena 500cc imayandikira 300. Mapazi asachoke pa zopondera mpaka itaima. Chinanso, njinga yamoto imapendekera yokha pokhota, pamene quad sipendekera. Pa ambiri mwa ma quad amenewa matayala awiri akumbuyo ali pa ekiselo imodzi ndipo amazungulira mofanana, ndiye kuti ikhote, tayala lam'kati liyenera kutererako pang'ono. Pa dothi limaterera bwinobwino. Pa phula limagwira, ndiye makinawo amakana kukhota kapena kunyamuka mbali imodzi n'kugubuduka. N'chifukwa chake wotsogolera wodziwa ntchito sakuyendetsani pa msewu wa tala, ngakhale pang'ono podutsira.

Pokhota chitani chonchi: chepetsani moto musanafike pa kona, osati muli kale pakati pake. Thupi lipendekere m'kati mwa kona, phazi lakunja likanikize chopondera. Mukamva matayala am'kati akunyamuka, pendekerani kwambiri m'kati, chotsani moto pang'onopang'ono, kona muikulitse.

Moto wake sapotokola ngati wa njinga yamoto. Pali kachitsulo pansi pa handulo yakumanja komwe mumakankha ndi chala chachikulu. Ngozi zambiri za ongoyamba zimachokera pa kachitsulo kameneka. Munthu akadzidzimuka ndi dzenje kapena mbuzi amafinya mahandulo mwamphamvu, chala chija n'kukankha moto wonse, quad n'kudumphira kutsogolo pa nthawi yomwe iye amafuna kuima. Uzani ana, nanunso mubwereze mpaka zilowe m'mutu: ukachita mantha, chotsa chala. Chala chimenechi chimatopanso msanga, pakatha mphindi 30 chimayamba kuchita dzanzi, choncho ulendo woyamba ukhale wa ola limodzi. Wa maola atatu umaoneka wotchipa powerengera, koma ola lomaliza manja amakhala atalema ndipo m'pamene anthu amalakwitsa.

Musanalipire imbirani foni obwereketsawo, ndipo funso loyamba likhale lakuti amaphunzitsa nthawi yaitali bwanji asananyamuke. Oyenera amakusungani pabwalo mphindi 15 kapena 20, aliyense n'kuyeseza kuliza injini, kuzimitsa ndi batani lofiira la pa handulo, kunyamuka, kuima mwadzidzidzi, kubwerera m'mbuyo ndi kuzungulira mokhotakhota pakati pa matayala akale. Akusonyezeninso mabuleki a quad yomwe mwapatsidwayo, pakuti amasiyana. Ina ili ndi chogwirira chimodzi kumanzere chomwe chimagwira matayala onse, ina kumanja ndi buleki yakutsogolo, kumanzere yakumbuyo, kuphatikizapo ya phazi. Funsaninso kuti pagulu pamakhala anthu angati ndi otsogolera angati. Gulu likapitirira asanu kapena asanu ndi mmodzi pafunika wina kutsogolo, wina kumapeto, popeza wa kutsogolo yekha saona amene watsalira m'fumbi. Afotokoze ngati amanyamula bokosi la chithandizo choyamba, ngati njira yonse ili ndi netiweki ya Airtel kapena TNM, ndiponso ngati pali galimoto yomwe ingafike m'tchiremo kudzatenga wovulala. Wothyoka msana sakwezedwa pa quad, ndipo kuchokera kumidzi kukafika ku Kamuzu Central Hospital pa msewu wafumbi si pafupi.

Pepala lomwe amasainitsa lija liwerengeni, nthawi zambiri limanena kuti mukavulala iwo alibe mlandu. Ngati muli pa sikimu ya chipatala monga MASM, afunseni kaye ngati amalipira kuvulala kwa pa masewera oterewa. Pa mtengo, mvetsetsani ngati ndi wa munthu kapena wa quad, ngati mafuta ali momwemo, ndiponso mulipira zingati mukaphwanya pulasitiki kapena galasi la nyali. Jambulani quad mbali zonse musanakwere. Ndi mmene petulo amasowera nthawi zina muno mu Lilongwe, imbaninso dzulo lake kutsimikiza kuti ali naye.

Mukafika, makinawo ayang'aneni nokha, sizifuna umakaniko. Matayala a quad amakhala ndi mpweya wochepa kwambiri, cha m'ma 5 psi, pamene la galimoto limakhala ndi 30 kapena kuposa. Akapopedwa ngati a galimoto imadumphadumpha ngati mpira, ndipo limodzi likachepa mpweya kuposa linzake imakokera mbali. Finyani mabuleki muone ngati akulimba asanafike pa handulo. Kankhani kachitsulo ka moto injini ili yozima, kabwerere kokha msanga, kakamakakamira kanani quad imeneyo. Gwedezani tayala lakutsogolo ndi manja, lisachite khwekhwerekhwe. Suzumirani pansi ngati pakudontha oyilo.

Chisoti ndiye musanyengerere. Chikhale chotchinga ndi chibwano chomwe, chokhala ndi chizindikiro cha DOT kapena ECE chosonyeza kuti chinapangidwa motsatira muyeso wa chitetezo, chosang'ambika, chothina moti mukapukusa mutu sichigwedera, ndipo lamba wake akamangidwa pangolowa zala ziwiri. Chisoti cha akulu pamutu pa mwana chimavuka asanafike n'komwe pansi. Inuyo achemwali, ngati mwaluka tsitsi lalikulu kapena mwavala wigi, chisoti sichikhala bwino, ndiye sabata imeneyo lukani lathyathyathya, lalitali mulimange lilowe m'malaya. Chitenje, mpango wolendewera ndi siketi yaitali zitsale m'galimoto, zimakulungika pa ekiselo kapena tcheni. Valani jinzi, malaya a manja aatali, nsapato zotseka zofika mu akakolo, magolovesi ndi magalasi otchinga fumbi. Ekizozi ndi injini zimawotcha mwendo wa wovala kabudula. Woyembekezera, wovutika msana ndi amene walawako mowa asakwere, botolo lidikire pobwera.

Mwezi mwasankha bwino. Mu Ogasiti mvula inaleka kale, kutentha kwa mu Okutobala sikunafike, madambo ambiri ndi ouma. Vuto lake ndi fumbi ndi udzu wouma. Nyamukani m'mawa cha m'ma 7 kapena 8 koloko, siyani mpata wa masekondi anayi kapena asanu pakati panu ndi wa patsogolo, fumbi likachuluka onjezerani mpaka muziona bwino nyali yake yakumbuyo. Mukaima popumula wotsogolera achotse udzu womwe wakola pa ekizozi, umatha kuyaka n'kubutsa moto wolusa. Nyengo imeneyinso chitedze chimakhala chitauma m'mphepete mwa mitsinje, musalole ana kukhudza zitheba zaubweya zolendewera m'tchire. Mukasuntha ulendowu kufika pakati pa Disembala ndi Malichi, dziwani kuti katondo wonyowa amaterera ngati sopo, makande a m'dambo amameza matayala mpaka ekiselo. Madzi opitirira pa zopondera musawoloke, ndipo mukatuluka m'madzi gwirani mabuleki mopepuka kangapo kuti aume.

Funsani komwe njira yawo imadutsa. Kwa ongoyamba, tinjira ta m'mafamu a m'chigwa cha Lilongwe n'tokwana, n'tosalala ndipo munthu amaona patali. Kumapiri monga cha ku Nkhoma, Dedza kapena Dzalanyama n'kokongola koma kuli miyala, zigwembe ndi zitsa zobisika mu udzu, kumeneko mudzapite ulendo wachiwiri. Dzalanyama ndi nkhalango yotetezedwa, gwero la mtsinje wa Lilongwe, choncho okutengeraniko akhale ndi chilolezo cha a zankhalango ndipo asachoke mu msewu. Mukakhala kunyanja cha ku Senga Bay, mchenga wofewa umafuna moto wosadukiza, mukauchotsa mwadzidzidzi kutsogolo kumamira, ndipo pagombe pomwe ana akusamba ndi pomwe asodzi ayanika maukonde si poyendetsapo.

Zitunda ndizo zimagubuduza anthu, ngakhale zing'onozing'ono ngati chulu. Pokwera ikani giya ya L, yamphamvu koma yosathamanga, senderani kutsogolo chifuwa chiyandikire mahandulo, lunjikani m'mwamba ndi moto wofanana. Musatembenuke pakati pa chitunda. Injini ikazima gwirani mabuleki onse, mangani buleki yoimikira, tsikirani mbali yakumtunda, dikirani wotsogolera. Ikayamba kubwerera m'mbuyo musapatse moto ndipo musaponde buleki yakumbuyo mwamphamvu, imatembenuzika chagada n'kukupsinjani. Gwirani yakutsogolo pang'onopang'ono mpaka iime. Potsika senderani kumbuyo, manja owongoka, giya ya L yomweyo, mabuleki mopepuka. Podutsa chammbali pa malo otsetsereka thupi lipendekere kumtunda, ngakhale kuti wongoyamba ndi bwino apewe kumene malo otero. Giya ya L ija si ya pa zitunda pokha. Ma quad ambiri osasintha magiya ndi phazi amayendera lamba wa labala, ndipo mukamakwawa pang'onopang'ono mu giya yothamangira ya H kapena kulimbana ndi mchenga, lambayo amaterera n'kupsa. Mukamva fungo la labala wopserera imani muuze wotsogolera, apo ayi lamba aduka muli pakati pa tchire, mwinanso akulipiritsani.

Liwiro la makilomita 15 mpaka 25 pa ola n'lokwanira tsiku loyamba, ndipo wotsogolera asapitiriridwe. Mnyamata wa zaka 14 adzafuna kupikisana ndi bambo ake, muikeni motsatana ndi wotsogolera, bambowo akhale omaliza.

Njira zambiri zotere zimadutsa m'midzi, ndipo kumeneko ndinu alendo. Ana amathamangira phokoso la injini n'kutulukira mwadzidzidzi kuseri kwa nkhokwe kapena mpanda wa udzu, choncho m'mudzi yendani ngati woyenda pansi. Ngolo ipatseni njira, ng'ombe zikachita mantha zimitsani injini zidutse. Chimodzimodzi njinga zosenza matumba a makala kapena nkhuni, siziima msanga ndipo mukazipanikiza zimagwa. M'munda mwa munthu musalowe ngakhale atakolola, mizere yake imathanso kukugwetsani. Kankhalango kowirira kali pakati pa minda kawirikawiri kamakhala manda, ndipo kwa Achewa kumeneko n'kudambwe, musayandikire kapena kujambula. Mukaona masamba atayalidwa mopingasa msewu, patsogolopo pali maliro. Chepetsani moto mpaka injini imveke pansipansi, musaimbe belu, ndipo mukakumana ndi onyamula chitanda imani pambali, muzimitse injini, mudikire onse adutse musanalizenso.