Agogo, tikupita ku Comoros, chitenje n'chofunikadi?

Agogo, ine ndi amuna anga tangolowa kumene m'banja ndipo tasunga kandalama koti tikaone chilumba cha Ngazidja ku Comoros, tikakwerenso phiri la Karthala. Iwo akuti kumeneko n'kotentha, ndizingovala kabudula, komanso kulipira wotiperekeza kuphiri n'kutaya ndalama poti njira ili pa foni. Mwati bwanji? Ndine mdzukulu wanu, ku Area 25.

Mdzukulu wanga, uwauze amuna akowo kuti kwa eni kulibe mkuwe. Anthu a ku Comoros pafupifupi onse ndi Asilamu. Ukatsika mumzinda wa Moroni ukapeza amayi atafunda nsalu yawo yotchedwa shiromani, ena atadzola msindzano kumaso, phala lonunkhira lopera kuchokera ku mtengo. Iwe n'kutulukira pakati pawo mawondo ali pamtunda? Ayi ndithu. Tenga zitenje ziwiri za mu msika wa Lilongwe, sizilemera m'chikwama. Kabudulayo uzivalira kunyanja kwa hotelo. Usajambule mayi aliyense usanapemphe, ndipo ulendo ukagwera m'mwezi wa Ramadani musamadye kapena kumwa pamsewu masana.

Koma chimene ndikufuna umvetse kwambiri ndi madzi. Ife kuno mpopi ukauma tsiku limodzi timadandaula ngati kwagwa maliro. Pa Ngazidja palibe mtsinje woyenda chaka chonse. Nthaka yake ndi miyala ya chiphalaphala chouma, yakuda, yobowokabowoka, moti mvula ikagwa imangolowa pansi. M'midzi yambiri anthu amakhalira madzi a mvula amene amakolola padenga n'kusunga m'mathanki a simenti. Mu 2005 Karthala litaphulika, phulusa linagwera m'mathankimo, mabanja ambirimbiri n'kusowa madzi akumwa. Ndiye mayi wa m'mudzi akakupatsa ndowa, usasambe ngati uli ku Senga Bay. Theka likukwanira, lotsalalo ubweze pamodzi ndi zikomo wawo, amati marahaba.

Za foni zija zandiseketsa. Karthala ndi lotalika mamita 2,361, Sapitwa wathu wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, amaliposa. Komabe ku Mulanje komweko wanzeru sakwera Sapitwa popanda mwana wa komweko, chikhalirecho phirilo silitulutsa moto. Karthala ndi lamoyo. Mu 1977 chiphalaphala chake chinakwirira nyumba m'mudzi wa Singani, ndipo linaphulikanso mu 2007. Nkhungu ikatsika m'nkhalango yake, foni sikuuzani mwala woterera kapena mbali imene eni ake akuipewa sabata imeneyo. Lipirani wokuperekezaniyo, mumufunse za phirilo musananyamuke, ndipo akati tibwerere, bwererani osatsutsa.

Amuna akowo akapitiriza makani, abwere kuno Lamlungu tidzakambirane pakhonde. Pobwera atenge juzi yawo ndiione, poti pamwamba pa phirilo usiku kumazizira kuposa Dedza mu Juni.