Mbewa za ofufuza ndi chamba: chimene amayeza n'chiyani?

Achimwene, mwafunsa kuti ofufuza akapatsa mbewa chamba amadziwa bwanji kuti chagwira ntchito pamene mbewa siyankhula, komanso ngati zimenezi zikutsimikiza kuti chamba ndi mankhwala.

Mbewa zake si zokumba kutchire ngati zimene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu. Zimaswetsedwa m'nyumba zofufuzira kuti zifanane mtundu, msinkhu ndi kulemera, ndipo kawirikawiri sazisutitsa utsi koma amazibaya jakisoni wa THC pamlingo woyezedwa. THC ndi chinthu cha m'chamba chimene chimaledzeretsa, ndipo anachipatula ku Israel mu 1964 ndi Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni.

Akabaya mbewa amayang'ana zinthu zinayi, njira imene inakhazikitsidwa ndi gulu la Billy Martin ku Virginia, m'dziko la America. Mbewa imachepetsa kuyendayenda m'bokosi. Thupi lake limazizira, chinthu chimene ena a ife kuno ku Mangochi tingachisirire mwezi wa Okutobala. Akaika mchira wake pa chinthu chotentha imachedwa kuuchotsa, kusonyeza kuti sikumva ululu kwambiri ngati kale. Chachinayi ndicho chimandidabwitsa: akaika miyendo yake yakutsogolo pa kachitsulo kokwezeka, mbewa yabwinobwino imatsika nthawi yomweyo, koma yobayidwayo imangouma pomwepo ngati yaiwala kuti ili ndi miyendo.

Chimachititsa zimenezi chikudziwika. Mu ubongo muli timalo totchedwa CB1 pamene THC imakamamatira, ndipo mu 1992 kunapezeka kuti thupi limapanga lokha chinthu china, anandamide, chomamatira pamalo omwewo. Mu 1999 ofufuza anaswetsa mbewa zopanda CB1, ndipo pozipatsa mankhwala a mtundu wa THC zizindikiro zambiri zija sizinaoneke. CBD, chinthu china cha m'chamba chomwecho, sichiumitsa mbewa motero.

Pa funso lanu lachiwiri ndikupemphani kusamala, chifukwa nkhani yagona pa mlingo. Poyeza mantha amaika mbewa pa kanjira kokwezeka kooneka ngati mtanda, kamene mbali ziwiri zili ndi makoma ndipo ziwiri zili poyera. Mbewa yamantha imabisala kumakoma. THC yochepa imailimbitsa mtima n'kutulukira poyera, koma ikachuluka mantha amawonjezeka kuposa poyamba. Amene akusuta chamba kuseri kwa bwato kunyanja sadziwa mlingo wa THC umene uli mu ndudu yake, ndipo mbewa singatiuze za kumva mawu a anthu osaoneka kapena kusokonekera maganizo kumene kumagwera osuta ena, makamaka oyamba ali achichepere.

Lamulo limene aphungu anavomereza mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusuta kwachisangalalo kudakali mlandu.