Kugaya chitsulo kokha sikufulumizitsa haidirojeni

Wophunzira chemistry wina wanditumizira imelo yokhudza fuel cell, chipangizo chopanga magetsi pogwiritsa ntchito haidirojeni mbali imodzi ndi okosijeni mbali inayo, mothandizidwa ndi catalyst, chitsulo chofulumizitsa ntchitoyo. Akufunsa kuti: "Ndinamva kuti fuel cell ya alkaline imalola zitsulo zotchipa. Nanga bwanji ofufuza akuvutikabe ndi catalyst ya mbali ya haidirojeni? Si nkhani yongogaya chitsulo kuti chikhale tizidutswa ting'onoting'ono?"

Achimwene, zimene munamvazo n'zoona, koma anakuuzani theka. Mbali imene imapepuka mu alkaline (madzi otsutsana ndi asidi) ndi ya okosijeni, kumene ngakhale siliva amagwira ntchito ndithu. Ku haidirojeni zinthu zimatembenuka. Mu asidi, pulatinamu amafulumira kwambiri moti wochepa chabe amakwana. Mukamuika mu KOH (potassium hydroxide, madzi a alkaline), pulatinamu yemweyo amagwidwa ulesi, liwiro lake n'kutsika pafupifupi ka 100. Kafukufuku wa Sheng, Gasteiger ndi Shao-Horn wa mu 2010 ndi amene anatsegula anthu ambiri m'maso pa nkhaniyi. Ndalama zimene mwapulumutsa ku okosijeni mumakazitaya ku haidirojeni, komwe kumafunika pulatinamu wochuluka.

Pamwamba pa chitsulo pamachitika izi: H2 (maatomu awiri a haidirojeni ogwirana) amatera, amaduka pawiri, ndipo atomu iliyonse imakakamira pamenepo. Kenako imayenera kusiya elekitironi yake, n'kukumana ndi OH⁻ (hydroxide, wopezeka m'madzi a alkaline) kuti papangike madzi. Chitsulo chikagwira haidirojeni mofooka, H2 saduka n'komwe. Chikagwiritsa, malo amadzaza, ntchito n'kuima. Imeneyi ndi mfundo yakale ya Paul Sabatier, ndipo palibe amaitsutsa.

Mkangano uli pa chimene chimabweretsa ulesiwo. Gulu la Yushan Yan ku University of Delaware linati pH ikamakwera, kutanthauza kuti madzi akuchoka ku asidi kupita ku alkaline, pulatinamu amaumirira haidirojeni, choncho mankhwala ake n'kufewetsa kagwiridweko. Gulu la Nenad Markovic ku labotale ya Argonne ku America mu 2013 linati ayi, chikusowa ndi malo oti OH akhale pafupi, kuti azilandira haidirojeniyo msanga. Chosekesa n'chakuti onse amaloza umboni umodzi: pulatinamu wosakaniza ndi ruthenium amathamanga kuposa pulatinamu yekha. A Markovic akuti ruthenium amakoka OH, a Yan akuti amamasula dzanja la pulatinamu. Ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands, Marc Koper ndi anzake anawonjezera kuti nawo madzi oyandikana ndi chitsulo amauma khosi mu alkaline, sasuntha msanga kuti apereke njira. Ine ndimaona kuti wopanga catalyst asadikire kuti mlanduwu ugamulidwe. Angomanga malo awiriwo, a haidirojeni ndi a OH, moyandikana. N'zimene zinachitika ndi palladium woikidwa pa cerium oxide mu 2016: palladium payekha ndi waulesi, koma m'malire momwe ziwirizi zakhudzana ntchito imayenda.

Tsopano za kugaya zija. Kachidutswa ka pulatinamu kokula mananomita 3 (mamita 3 ogawidwa ka biliyoni) kamakhala ndi maatomu pafupifupi 1,000, ndipo oposa gawo limodzi mwa magawo atatu ali kunja, komwe haidirojeni angawafikire. Galamu imodzi ya tizidutswa totere ili ndi malo ogwirirapo ntchito okwana masikweya mita pafupifupi 90. Phindu ndi limenelo. Koma mukapitiriza kuchepetsa, kachidutswa kamasanduka ngodya ndi m'mphepete zokhazokha, ndipo maatomu a m'ngodya amagwira zinthu mosiyana ndi a pamalo osalala. Ruthenium anapezeka kuti amachita bwino kwambiri cha pa mananomita 3, osati pansi pake. Komanso tochepetsetsa sitikhalitsa: timayenda pa kaboni amene tayalidwapo, timaphatikana, tina timathothoka.

Nikelo ndiye amandikhudza mtima, chifukwa ndi chitsulo chotchipa chimene aliyense akuchilakalaka. Si mlendo pa ntchitoyi. Francis Thomas Bacon anamugwiritsa ntchito mu fuel cell zake, ndipo luso lakelo ndi limene linapereka magetsi m'zombo za Apollo zopita ku mwezi. Koma zimenezo zinkatentha madigiri Celsius pafupifupi 200, pomwe za masiku ano za membrane (kachikopa kolekanitsa mbali ziwirizo) zimagwira ntchito pansi pa madigiri 100. Pamenepo nikelo amaumirira haidirojeni, ndipo mphamvu ya magetsi pa anode (mbali ya haidirojeni) ikangokwera pang'ono, amakutidwa ndi hydroxide n'kugona tulo. N'chifukwa chake amamusakaniza ndi molybdenum, tungsten kapena kopa, ena amamulowetsa naitirojeni, enanso amamuveka kachikopa ka kaboni. Kachikopako kakakhuthala, haidirojeni sadutsa. Kakapyapyala kwambiri, nikelo amawonongeka. Ntchito yeniyeni ya wopanga ili pakati pamenepo.

Chenjezo limodzi pamene muyambe kuwerenga mapepala a kafukufuku. Ambiri amayesa catalyst pa kambale kozungulira maulendo 1,600 pa mphindi, mu KOH wosungunula kwambiri (0.1 M), n'kulengeza manambala okoma. Mu fuel cell yeniyeni madzi amapangikira ku anode komweko, ndipo akachuluka amatseka njira ya mpweya. Polima (mtundu wa pulasitiki) womatira catalyst nayenso amatha kukhala pamwamba pa chitsulo n'kulanda malo a haidirojeni. Choncho mukaona pepala likutama nikelo kuti waposa pulatinamu, yang'anani kuti anaika nikelo wochuluka bwanji, anamuyesa kwa maola angati, ndiponso ngati anayerekeza n'komwe kukweza mphamvu ya magetsi pa anode kupyola mavoti 0.2.