Matsenga opanda chizimba amagonetsa anzanu

Mnyamata wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo. Akuti Loweruka lililonse amakumana anthu asanu pansi pa mtengo wa nimu kuchita masewero a nthano. Iyeyo ndiye amayendetsa nthano, enawo aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo pakavuta amaponya dayisi ya ludo. Dandaulo lake ndi lakuti amene anasankha kukhala wamatsenga akumaliza nkhondo zonse yekha, wamkondo ndi wopalasa bwato kwawo kungoyasamula. Funso lake: "Ndimuchotse?"

Musamuchotse achimwene. Mulipiritseni.

Gary Gygax ndi Dave Arneson potulutsa masewero a mtundu umenewu otchedwa Dungeons & Dragons mu 1974 anamuika malire wamatsenga: amaloweza matsenga owerengeka, akagwiritsa ntchito amodzi amamuchoka m'mutu mpaka adzalowezenso tsiku lina. Masewero ena otchedwa Call of Cthulhu a 1981 ndiye ankhanza, matsenga amadya nzeru za mwini wake mpaka kupenga. Koma ife sitifunika kubwereka kutali chonchi. Ndi nthano iti ya agogo imene mankhwala anagwira opanda chizimba?

Ine pano pa Nchalo ndimachita chonchi. Wamatsenga ndimamupatsa nthanga za masau zisanu ndi ziwiri m'kambale, aliyense aziziona. Kuyatsa moto popanda machesi, nthanga imodzi. Kuzimirira pamaso pa adani, zitatu. Kugoneka ng'ona kuti anzake awoloke, zinayi, kenako aponye dayisi. Ikagwa pa 1, matsenga abwerera mwini wake, wagona ndi iyeyo, ng'ona ili maso.

Kukoma kwake kuli pobwezeretsa nthanga zija. Kugona tulo sikubwezera kanthu. Akufunika chizimba, mwina nthenga ya mbalame yoikira pakati pa dambo longa Elephant Marsh, m'bango muli mvuu. Akafikako bwanji opanda wabwato? Akamuteteza ndani opanda wamkondo? Uja amadzimva kuti ndi dolo amayamba kunyengerera anzake, ndipo mudzaona onse akusendera pafupi ndi mphasa. Muonjezere choletsa chimodzi, monga osadya mlamba. Tsiku lina afike kwa mfumu, nsima ibwere ndi mlamba, inu mungokhala chete muone mmene atulukire.

Zoti moto ndi wofiira kapena wobiriwira, musiyireni mwini wake, sizisintha kanthu.

Ndiulule kupusa kwanga. Ndinampatsa wina mphamvu yoitana mvula yaulere, iye nkumiza mudzi wonse wa adani. Ndimati tiseka. Panangoti zii. Mmodzi mwa ife nyumba yake inapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023, ndipo anangoimirira nkukatenga njinga yake. Chiyambire tsikulo mvula m'masewero anga imadya nthanga zonse, komanso imagwa pomwe yafuna.

Chinanso, popeza mukusewerera poyera. Mawu oti mfiti ine sindiwalola pamphasa, ndipo dzina la munthu weniweni wa m'mudzi sililowa m'nthano. Agogo ena aphedwapo m'dziko muno chifukwa chonamiziridwa ufiti, pomwe lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala pa nkhani imeneyi. Wodutsa ndi njira sadziwa kuti mukusewera. M'bona wa ku Khulubvi nayenso musiyeni, kachisi wake ku Nsanje alipobe ndipo ali ndi eni ake. Pekani mzimu wanu, muupatse dzina lanu.

Nthangazo muziyanike kaye. Zanga zoyamba zinabweretsa nyerere pakati pa nkhondo.