Fyuluta ibwere pambuyo, achemwali, yambani ndi zigubu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli anthu 6 pakhomo panu ku Bangwe, mpopi umauma masiku awiri kapena atatu, dzinja layandikira, ndipo mukufuna kudziwa ngati kandalama kamene mwasunga mugulire fyuluta kapena diramu lalikulu. Ine ndikuti ziwirizo ziyambe zadikira. Gulani zigubu za pakamwa papang'ono ndi mankhwala a klorini, zotsala mudzaona pambuyo. Ndifotokoze chifukwa chake, poti nanenso ndinaphunzira zimenezi movutikira.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, kwathu tinakhala masiku angapo mpopi uli gwaa. Ndinkawiritsa madzi tsiku lililonse, makala akudula choncho, n'kuwathira mu ndowa yatsopano ya chivindikiro. Mumtima ndinkati ana anga ndawatchinjiriza. Koma mwana wanga wamng'ono anatsegula m'mimba usiku wonse, ndipo poti kolera inali paliponse nthawi imeneyo, tinathamanga naye kuchipatala mtima uli m'mwamba. Mwamwayi sinali kolera. Mlangizi wa zaumoyo atabwera pakhomo sanafunse n'komwe ngati timawiritsa madzi. Anangokhala pakhonde n'kumayang'ana mmene timatungira. Kapu inali imodzi, mwana amwera, aiika pansi, wina aitola, aiviika mu ndowa zala zonse zili m'madzi. Madzi ndinkawawiritsa bwinobwino, koma tinkawadetsa tokha kakhumi pa tsiku. N'chifukwa chake ndimalimbikira za chosungiramo. Chigubu cha malita 20 dzanja silingalowemo, kapu singalowemo, madzi amachita kutsanulidwa basi. Ndowa ya kampopi m'munsi nayo ndi yabwino, bola chivindikiro chisamatsegulidwe. Ngati mumakonda madzi a mumtsuko chifukwa cha kuzizira, sindikukuletsani, koma pezani chikho cha mpini wautali, chizikolekedwa pa msomali, chisamwedwerepo.

Za kuchuluka kwake, mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 2.5 mpaka 3 akumwa munthu mmodzi pa tsiku, ndipo akaphatikiza kuphika ndi ukhondo amafika pa malita 15. Kwa inu anthu 6, akumwa okha ndi malita 18, kapena tingoti chigubu chimodzi pa tsiku. Muwonjezere a nsima, ndiwo ndi phala la ana, mufika malita 30. Ndiye zigubu 5 zikusungani masiku atatu, china chotsalako pang'ono. Mukatha kufika pa 7 kapena 8 mtima uzikhala m'malo. Musazigule tsiku limodzi, chimodzi mwezi uno, china mwezi wa mawa. Ngati pakhomo pali woyamwitsa kapena wodwala, muonjezereko, ndipo m'mwezi wa October kotentha madzi amatha msanga kuposa mmene mukuganizira.

Masiku atatu sindinangowatchula. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amachita kukwezedwa chitunda chonsecho ndi mapampu oyendera magetsi. Mukukumbukira mu January 2022 namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mmene magetsi anavutira. Mvula yamphamvu ikagwa, magetsi ndi madzi zimathawira limodzi, Shire amachita matope, mapaipi ena amakokoloka. Imeneyo ndi nthawi yomwenso zimbudzi zimasefukira n'kulowa m'zitsime. Kolera imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno inayamba ku Machinga mu March 2022, madzi osefukira atangodutsa kumene, ndipo sinalekeze dzinja litatha, inapitirira chilimwe chonse mpaka chaka chotsatira.

Diramu la malita 200 lili ndi ntchito yake, koma ndi la madzi ochapira, osamba ndi othira kuchimbudzi. La akumwa ayi, chifukwa pakamwa pake ndi pa aliyense, ndipo likadetsedwa mwataya madzi onse nthawi imodzi. Mukadzaligula lizikhala lovindikira mwamphamvu, poopa udzudzu komanso ana ang'ono amene amasuzumira n'kugweramo chamutu. Pogula zigubu zogwiritsidwa kale ntchito mumsika, nunkhizani mkati. Zija zachikasu za mafuta ophikira ndi zabwino mukazitsuka ndi madzi otentha ndi sopo mpaka mafuta atheretu. Koma chimene chinasungapo petulo, parafini, mankhwala a mbewu kapena a thonje, musachitenge ngakhale akupatseni ulere. Pulasitiki imamwa mankhwalawo, ndipo palibe sopo amene angawachotse.

Tsopano pa fyuluta pomwe pali mtima wanu. Anthu ambiri timasokoneza zinthu ziwiri, kuchotsa matope ndi kupha tizirombo. Madzi akhoza kuoneka mbee ngati a m'botolo la kusitolo koma muli kolera kapena tayifodi. Fyuluta yabwino, monga zija za makandulo adothi (zosefera zadothi zooneka ngati kandulo) m'ndowa ziwiri zosanjikiza, imachotsa matope, mazira a njoka za m'mimba ndi mabakiteriya ambiri, koma mavairasi ndi aang'ono kwambiri, ena amadutsa. Kandulo ikangochita kamng'alu kosaoneka ndi maso, madzi amadutsa osasefedwa inu muli phee kukhulupirira. Imafunanso kutsukidwa ndi kusinthidwa, ndiye musanagule funsani wogulitsayo ngati makandulo osinthira amapezeka m'tauni muno, chifukwa ndaona mafyuluta okongola atasanduka ndowa zosungira ufa. Ndipo majagi aja a fyuluta ya makala amene ali m'masitolo akuluakulu ntchito yawo ndi kuchotsa fungo la madzi a pampopi oyera kale. Musathiremo madzi a pachitsime n'kupatsa mwana.

Klorini ndi amene amapha, ndipo ndi wotchipa. WaterGuard wamadzi muyeso wake wodziwika ndi kachivindikiro kamodzi ka botololo pa malita 20, mukhutchumule chigubu, mudikire mphindi 30 musanamwe. Mphindi zimenezo musazidule, ngakhale mwana akulira ludzu. Werenganibe zolembedwa pa botolo kapena pa paketi, chifukwa mphamvu zimasiyana, makamaka mapiritsi a Aquatabs omwe alipo a misinkhu ingapo. Madzi akakhala amatope muyeso umawirikiza kawiri, koma chanzeru ndi kuyamba mwawayeretsa, poti matope amadya klorini tizirombo n'kutsala. Nthawi ya kolera alangizi a zaumoyo amagawa klorini wosungunula kale m'mabotolo. Mufunse muyeso pomwepo, muulembe pa botololo, ndipo mufunsenso kuti atha mphamvu liti, popeza wosungunula sakhalitsa. Klorini waufa uja wotchedwa HTH musamathire nokha m'chigubu ndi supuni, ndi wamphamvu zedi, amaotcha. Zonse zikasowa, abale athu a ku Joni amauzidwa kuthira supuni yaing'ono imodzi ya Jik wamba pa malita 25 n'kudikira maola awiri. Akhale wamba ndithu, osati wa fungo la mandimu kapena la maluwa.

Ubwino wa klorini umene kuwiritsa kulibe ndi woti amatsalira m'madzi n'kumalondera. Kachirombo kakalowa pambuyo, amakapha. Madzi owiritsa akazizira alibe mlonda. Ndikudziwa, apongozi anganso amati madzi a mankhwala akununkha chipatala. Kafungo kapatali kaja ndiye umboni woti mankhwala akugwira. Fungolo likachuluka mpaka kuwawa pakhosi ndiye kuti mwapyola muyeso. Botololo lizikhala pamthunzi, patali ndi ana, ndipo muziyang'ana deti, chifukwa lakale limatsala fungo mphamvu itapita.

Kuwiritsa musakutaye. Pali tizirombo tina ta khungu lolimba timene klorini amatilephera, koma moto sutisiya. Madzi abwadamuke bwadabwada kwa mphindi imodzi yathunthu, osati kungotulutsa nthunzi. Vuto ndi makala, malita 20 pa mbaula tsiku ndi tsiku thumba silichedwa kutha. Ine ndimawiritsira wodwala, wokalamba ndi ana aang'ono, enafe timamwa a klorini. Khanda losafika miyezi 6 ndiye lisapatsidwe madzi alionse, bere lokha likwanira ngakhale kutenthe bwanji.

Mukakakamizika kutunga a pachitsime chosatetezeka kapena kumtsinje, choyamba ndi chitenje. Tengani chakale cha thonje, chochapidwa bwino, muchipinde kanayi kapena kuposa, mumange pakamwa pa ndowa, mutsanulire madzi pamenepo. Chakale chimaposa chatsopano chifukwa ulusi wake unafewa n'kutseka timabowo. Musachione ngati chamasewera. Ku Bangladesh, kafukufuku amene anatsogolera Rita Colwell, wofalitsidwa mu 2003, anapeza kuti m'midzi imene amayi ankasefa madzi ndi nsalu yawo yakale yopinda kanayi, kolera inatsika pafupifupi ndi theka, popeza kachirombo kake kamakonda kumata pa tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi timene nsalu imagwira. Theka si zonse, ndiye mukasefa muthirebe klorini. Chitenjecho muzichichapa ndi kuchiyanika padzuwa mukamaliza, ndipo mbali imene inagwira zinyalala musaitembenuzire kunsi ulendo wotsatira.

Madzi akakhala ofiira ndi dothi losalala lija losakhazikika, asiyeni agone usiku wonse, m'mawa mutsanule a pamwamba pang'onopang'ono, matope atsale pansi. Kugoneka madzi masiku awiri kumaphanso tizirombo ta likodzo. Amene muli ndi mtengo wa cham'mwamba pakhomo muli ndi mwayi: njere zouma, muchotse makoko, musinje, njere imodzi pa lita imodzi ya madzi amatope, mutakase mwamphamvu kenaka pang'onopang'ono, musiye ola limodzi. Dothi limagwirana n'kutsikira pansi mukuona. Njirayi inayesedwapo ngakhale pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo. Koma madzi a cham'mwamba si osunga, muwathire mankhwala kapena muwawiritse n'kumwa tsiku lomwelo.

Pali njira ya dzuwa, yothira madzi oyera m'mabotolo apulasitiki oonekera mkati osaposa malita awiri, kuwagoneka pa malata maola 6, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Imagwira, ndipo m'chilimwe ndi yaulere. Kungoti namondwe akabwera dzuwa silioneka sabata yonse, ndiye musaidalire pa tsiku la tsoka. Tsiku limenelo madzi ali padenga panu. Siyani mvula yoyamba itsuke fumbi ndi zitosi za mbalame, kenaka tcherani mabeseni oyera. Amenewo amaposa kutali a pachitsime chosefukira, ngakhale nawonso ndimawathira klorini ndisanawasunge.

China chimene ndaona anthu akulakwitsa ndi kuthamangira mpopi ukangoyamba kutuluka. Madzi oyamba aja amabwera ndi dothi limene linalowa m'mapaipi ali opanda kanthu. Atsegulireni mu beseni lochapira mpaka ayere, ndiyeno mudzaze zigubu. Ndipo dziwani kuti klorini, moto ndi chitenje sizichotsa mchere kapena mankhwala. Madzi a mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje amene amawawa mchere, mukawawiritsa mchere umangoonjezeka. Madzi onunkha mafuta a galimoto kapena ochokera kumunsi kwa fakitale ndi osamwa, muwachite zotani.

Zigubu zanu zisungeni m'nyumba pamthunzi, pa thabwa kapena pa njerwa, patali ndi parafini ndi feteleza. Madzi a pampopi othira klorini, otsekedwa bwino osatsegulatsegula, amatha miyezi 6, koma ine sindidikira choncho. Ndinalemba manambala pa zigubu ndi penti, ndimayamba ndi nambala 1, chikatha ndimachitsuka n'kuchidzaza, chimapita kumbuyo kwa mzere. Motero palibe madzi amene amagonera mwezi, ndipo ana anazolowera kuti chigubu chotsegula ndi chimodzi chokha. Pambali pake ikani ndowa ina ya kampopi ndi sopo yosambira m'manja, chifukwa madzi akachepa chinthu choyamba chimene anthu amasiya ndi kusamba m'manja, pomwe kolera imadzera pomwepo.

M'kabati musasowe mapaketi a Thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi la wotsegula m'mimba, ngakhale 10. Paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi otetezedwa, otsala akatha maola 24 mutaye. Akasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere pa lita imodzi. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga, musadikire kuche. Mumwetseni Thanzi muli panjira yopita kuchipatala, chifukwa kolera imatha kuumitsa munthu wamkulu m'maola ochepa chabe.

Ndalama ikadzatsala zigubu zitakwana, gulani fyuluta ya makandulo ija, idzakuthandizani pa madzi amatope, ndipo mudzaona kuti klorini akugwira bwino pa madzi osefedwa. Mundiuze ngati kwanuko muli ndi chitsime kapena mjigo pafupi, ndi mmene madzi ake amaonekera mvula ikagwa, kuti tione ngati zigubu 5 zikukwanirani kapena mufunika 8.